Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Twaibu anafika ndi kompyuta m'chikwama,
mvula ya ku Chawe ikadali pamapewa,
nati, "Azakhali, jamu wanuyu akufunika dzina
loti anthu azilitayipa."

Ine ndatcha mayina ana anayi.
Wachitatu ndinamutcha ndili gone pa bedi la chipatala chachikulu,
osafunsa munthu,
ndipo palibe anandiyankha kuti dzinalo latengedwa.
Koma apa nditati mapulesi,
makina akuti lili ndi mwini.
Nditati jamuwazomba,
akuti wina analigula kalekale n'kulisiya choncho,
ngati puloti ya ku Matawale
yongomera tsekera, mwini wake ali ku Joni.

Ndinafuna la malemu bambo anga,
lija lili ndi w wovala chipewa.
Mnyamata anapukusa mutu:
"Chipewacho anthu sakachipeza pa foni.
Likhale lalifupi,
loti munthu ali m'minibasi ya ku Liwonde,
dengu la tomato pamiyendo, kondakitala atamutsamira,
alilembe ndi chala chimodzi osaphonya."

Tinagwirizana pa abitisaizi,
kenako kadontho, kenako mw.
Dzina langa lomwe,
koma lendi yake ndizilipira chaka ndi chaka.
Ndinaseka mpaka kutsokomola,
ndinatumizabe ndalama za mabotolo khumi ndi awiri.

Usiku magetsi atabwerera ndinadzisaka.
Ndinalemba Zomba, ndinalemba jamu.
Makina anandifunsa mwaulemu
ngati ndikutanthauza gule wina wochepetsa mimba.
Ayi, bwana, ndikutanthauza kwathu.
Ndinadutsa maloji, ndinadutsa phiri litajambulidwa mbali zonse,
ndinadutsa ndende, ndinadutsa ophunzira a ku Chirunga ovala mikanjo,
bandulo ikutha ngati shuga wa pamaliro,
n'kudzipeza pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.
Malo amenewo ndimawadziwa.
Ndinagulitsapo kuseri kwa msika,
kupitirira ausipa, pafupi ndi zimbudzi,
kumene amafika ndi osochera okha.

Loweruka Twaibu anawerenga zimene ndinalemba pamwamba:
Kukoma kotsika ndi nkhungu.
Anati, "Nzokongola, azakhali,
koma ndani amasaka nkhungu?
Lembani zimene munthu amalemba buledi ali kale patebulo."
Tinafufuta.
Jamu wa sitiroberi. Jamu wa mapulesi. Zomba.
Mtengo. Nambala. Pamene benchi langa limakhala.
Zinandiwawa pang'ono, ngati kumeta mwana wa tsitsi labwino.

Zithunzi anazichepetsa kuti zisalemere,
akuti wa foni yaing'ono sadikira.
Ananditumanso kwa mayi Chikhwaza a loji ya kumtunda
kuti atchule dzina langa pa tsamba lawo,
poti makinawa, akuti, amakhulupirira munthu
ena akamuloza.
Ndinati zimenezo si zachilendo,
ngongole ya kugulu ndinaipezanso choncho.
Ndinakwera ndi mabotolo awiri a mphatso.

Kenako kudikira.
Tsamba lachisanu. Lachinayi.
Sabata ina ndinabwerera pachisanu popanda chimene ndinalakwa.
M'mawa uliwonse ndisanatsuke mabotolo
ndinkayang'ana ngati kholo pa mndandanda wa mayeso.

Uthenga woyamba unabwera Lachitatu, mu Okutobala.
Ndinkayembekeza mzungu, kapena wa ku Lilongwe.
Anali namwino, dzina lake Tereza Nampinga,
akufunsa ngati ndingatumize mabotolo atatu,
komanso ngati ku malo kwangako n'kutali.

Ndinakweza maso.
Tsidya la msewu, pamene amadikira kabaza,
mayi wa yunifomu yoyera anali ataweramira foni,
yemwe uja amadutsa pa benchi langa
m'mawa uliwonse, chaka chachitatu tsopano,
nsapato zake zikugunda mwendo wa tebulo.

Sindinamuitane.
Ndinapukuta manja pachitenje,
n'kulemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi:
Si kutali kwenikweni, amayi.
Tembenukani.