Aneni Awiri a Ndaziona

Magetsi apita kale ku Mufakose.
Ndaziona wayatsa tochi ya foni,
kope waliyala pa makina anga osokera.
Akuti a Mudzingwa akufuna mawu asanuasanu
ofanana ndi aneni awiri a Chingerezi, mawa m'mawa.
Woyamba akuutchula: ovateki.

Umenewo ndikuudziwa, ndatero.
Ndi zija amachita Garikai pa msewu wa ku Mbare,
kombi itadzaza, kondakitala msana uli panja,
basi yokalamba ikutsokomola kutsogolo.
Hutala kawiri, chiwongolero kumanja, fyuu!
Kupitirira. Kudutsa. Kusiya m'mbuyo.
Kumudyetsa fumbi mnzako.

Akupukusa mutu, chala chili pa dikishonale
yopanda chikuto, tinagula pansi ku Copacabana
pakati pa nsapato zakale ndi mankhwala a mphemvu.
Pali tanthauzo lina, adadi.
Apa wothamanga si iwe.
Ndi chinthu chimene chimakulondola
n'kukupeza usanakonzeke.
Usiku umatero. Mvula. Tsoka.

Kwathu timati kwandidera,
kapena dzuwa landilowera panjira.
Ine linandilowera kuno.
Ndinabwerera zaka ziwiri zokha,
kusoka mayunifolomu, kugula malata, kubwerera ku Ntcheu.
Zaka zinadzera kumbuyo, sizinalize hutala.
Za malata zija zinasanduka mapepala a ziro wambirimbiri,
ena akadali m'kabatimo, pansi pa mabatani.

Lemba kupeza, ndatero. Lemba kugwira.
Akuseka. Akufuna a Chingerezi, adadi.

Wachiwiri ndi wautali,
umazungulira m'kamwa ngati mbatata yotentha:
ovawelumu.
Akuwerenga pang'onopang'ono, n'kumanditembenuzira.
Madzi akakwera n'kukwirira zonse.
Adani akachuluka mpaka mikono kugwa.
Mtima ukapatsidwa zoposa mlingo wake,
zowawa, kapenanso zokoma.

Marimba chaka chija, ndatero,
unameza chimanga cha amayi ako m'dambo,
ngayaye zokha zikusuzumira.
Kumiza. Kukuta. Kuphimba. Kusefukira.

Sindinamuuze za Disembala uja.
Madiresi khumi ndi awiri a operekeza mkwatibwi,
ukwati Loweruka, foni n'kulira Lachinayi:
achimwene atisiya, mubwera?
Pasipoti inatha kale, ya basi ndinali nditagulira nsalu.
Ndinaponda makina mpaka kucha,
singano ikulowa, ikutuluka,
ine osaona kuti mkono wa diresi ndausokera m'khosi.
Madzi anali afika m'khosi inenso.
Zinandikulira. Zinandithetsa nzeru.
Kaya mzungu wa bukuli anali ndi mbale wake
amene anaikidwa iye kulibe,
poti mawuwa anawapima bwino.

Ndaziona watseka dikishonale.
Cholembera chikuthamanga chokha,
asanu kuno, asanu uko,
akudziyankhulira m'Chishona cha anzake
chimene ine ndimachigwira mchira wokha.
Ndikasuzumira pa kope sindikuzindikira ngakhale limodzi.
Mwana uyu ndinam'phunzitsa kugwira pensulo ndine,
pa tebulo lomweli, pa chidutswa cha katoni.
Wandidutsa liti?
Sindinamve hutala.
Ndangoona nyali zake zofiira patsogolo,
zikuchepa.

Ndipo chinachake chakwera m'chifuwa,
chofunda, chosafunsa,
chafika pamene panafika madzi a Disembala.
Buku linanena: kapenanso zokoma.
Ndatsokomola, ndati ndi fumbi la nsalu.

Foni yalira kuti batire latsala pang'ono.
Akutseka kope, kenako akulitsegulanso kumapeto,
tsamba lija amalembapo manambala a anzake.
Adadi, ngayaye n'chiyani?

Ndam'jambulira phesi pa pepala la muyeso,
masamba, chisononkho, ndevu zake,
ndi kachisoti kaja pamwamba penipeni,
kotsiriza kumira.
Akulemba. Wayamba ndi n, wayima,
wandiyang'ana kuti ndim'tchulire lotsatira.

Panja kombi yomaliza ikuthamangira kokagona.
Ndikutchula pang'onopang'ono,
chilembo chimodzi, n'kudikira,
china, n'kudikira,
tochi isanazime.