Chitseko

Naini koloko usiku ku Ginnery Corner.
Alonda akoleza kale mbaula pageti,
ine ndikadali pa kompyuta,
malipiro a anthu mazana anayi akudikira mawa.

Pulogalamuyi analemba ndi a Likoswe
ine ndili sitandade faifi.
Anapuma ntchito, akuweta nkhuku ku Chileka,
koma masabulutini awo akadali pano,
mdadada umodzi wautali
ngati uja ndinakuliramo ku Ndirande:
mpopi umodzi, chingwe choyanikapo chimodzi,
mchere ukatha umangotambasula dzanja.
Zinkakoma.
Koma tsiku limene sopo wasowa
ufunsa yani?

Lero zasowa ndi ndalama za a Sumaili, dalaivala wa lole.
Nambala imodzi yokhala pabwalo,
aliyense amaigwira, aliyense amaisintha,
wina waidula ngongole kawiri
osasiya ndi phazi lomwe.

Pulosija ndi ina.
Ili ngati okala ya mayi Nasibeko ku Zingwangwa:
kazenera, waya wa sefa,
upereka ndalama, utchula chimene ukufuna,
akupatsa katundu ndi chenji, basi.
Zam'kati ndi zawo.
Sulowa, sugwira sikelo.

Komatu kumanga okala ndi ntchito.
Uyambe walemba cholowa n'chiyani, chotuluka n'chiyani,
chilichonse uchitche dzina,
pamene sabulutini ndi mizere itatu yokha
ndagwira minibasi yomaliza ya ku Bangwe.
Abwana sangaone kusiyana.
Iwo amaona pepala la malipiro.

Ndasuzumira pawindo.
Magetsi a ku Soche akwera phiri mosafola mzere,
aliyense anamanga pamene anapeza malo.
Kwinakwake m'menemo muli mtsikana wa sitandade faifi
amene adzakhale pampando uno,
n'kumatchula dzina langa usiku
monga ndikutchulira la a Likoswe.

Zotsegula mafayilo ndazisiya momwemo,
sizinalakwire munthu,
ndipo si khonde lililonse lifuna mpanda.
Koma ngongole ndaimangira chipinda chakechake,
khomo limodzi,
ziwiya zake m'kati momwemo.
Malipiro alowe, chodula chituluke,
wina asapisemo dzanja.

Ndayesa kamodzi. Ndayesanso.
Tiyi wazizira m'kapu,
minibasi yapita, ndikwera kabaza.

Mawa a Sumaili alandira zawo zonse,
awerenga, apinda, aika m'thumba la malaya,
osadziwa kuti usiku uno
wina wawaikira chitseko.