Kamimba ka Nthambo

Ndakweranso lero pa mlongoti wa kiliniki ya ku Chadiza,
pulayazi m'thumba, tepi padzanja ngati chibangili,
makwerero akunjenjemera kuposa ine.
Pansipo anamwino Dailesi atchinga dzuwa ndi kaundula wa odwala:
"Masabata atatu, netiweki zii!
Zotsatira za magazi zagona ku Chipata,
ife tingoyang'ana kompyuta ngati ili nafe ngongole."

Sindinawauze kuti nthambo iyi ndinaiyala ndine,
Okutobala watha, dzuwa likuswa mtengo,
a Thole ali pansi, bondo litawakaniza kukwera.
Ankafuula, ine ndinkamva theka.

"Usaikoke ngati mbuzi yopita kumsika!
Nthambo iyi ili ndi mtima umodzi,
kamkuwa kowonda pakati,
kenako chofunda choyera, ukonde wonyezimira,
chikopa chakuda pamwamba.
Ukaipinda mwaukali mtima ukhudza nthiti,
mawu afera panjira.
Ikhote monga ikhotera Lunkhwakwa, mosathamanga.
Ndipo isanalowe m'khoma usiyeko kamimba,
itsike, ikwerenso,
kuti dontho likabwera likutsetsereka
lifike pansi pa mimba, lisowe njira, ligwe."

Ndinaseka.
Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe,
ndipo basi yomaliza inali kuliza hutala.
Ndinaikoka kuti nga, yowongoka, yosangalatsa maso.
Pamfundo ndinazenga tepi kawiri
pofunika kasanu.

Lero ndamasula mfundoyo.
Madzi atuluka, obiriwira,
mwina supuni imodzi yokha.
Supuni imodzi!
Mvula yonse ya Januwale inadutsa pamalata n'kupita,
koma iyi inatsala,
inayenda usiku m'kati mwa chikopa,
inadya mkuwa mwakachetechete
mpaka mayi wa ku Zemba wabwerera kawiri panjinga
osadziwa chimene chili m'magazi ake.

Si madzi okha.
Kudenga khoswe walawako,
wasiya mano ake pachikopa ngati siginecha.
Pamphepete pa lata mphepo yakhala ikucheka,
pang'ono lero, pang'ono mawa.
Waya wotsitsa mphezi m'nthaka
wina anaudula, mwina ndi msampha wa mbewa tsopano.

Ndayamba mwatsopano.
Nthambo ina, yosalumikiza pakati.
Zomangira zakuda, chifukwa zoyera dzuwa limazitafuna,
mkono uliwonse chimodzi,
zogwira koma zosatsamwitsa.
Podutsa lata ndaveka kachidutswa ka payipi,
kudenga payipi yathunthu, khoswe akalume pulasitiki.
Pamfundo tepi yoyamba, kenako ya phula yomata yokha,
kenako inanso, kuyambira pansi kukwera m'mwamba
monga amafolerera udzu,
kuti madzi apeze msana, asapeze khomo.
Chitsulo cha mphezi ndakhoma mpaka dzanja latupa.

Ndipo pakhoma, pansi pa bowo,
ndasiya kamimba.
Sikokongola.
Kakulendewera ngati thumba la m'busa.
Mlonda wafunsa ngati nthambo yanditsalira,
ndati inde, yatsala dala.

Cha m'ma folo mitambo yadera mbali ya ku Mozambiki.
Ndakhala pakhonde, tepi yakuda m'zikhadabo.
M'katimo anamwino akuwa: "Yabwera!"
pulinta yayamba kutsokomola mapepala.
Ine maso ali pakhoma.

Dontho loyamba latsika kuchokera ku mlongoti,
lathamanga ngati likudziwa kwawo,
lafika pansi pa mimba,
laima,
lanenepa,
lagwa.

Ndaimbira a Thole ku Kapata,
kumene masiku ano amakonza mawailesi atakhala pampando.
Foni yalira nthawi yaitali.
Ndati, "Bambo, lagwa panja."
Sanafunse kuti chiyani.
Angoti, "Tepi wazenga kangati?"