Zam'kati

Ine ntchito yanga n'kutumbula mbuzi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa Lizulu,
kuseri kwa mabenchi a kabichi,
pomwe chisanu cha Juni chimaluma zala
mpeni usanalume chikopa.

Kale ndikang'amba chifu
munkatuluka dambo lathunthu:
nsenjere, masamba a mthethe, makoko a nthochi,
fungo la msipu wa mame.
Ndinkatha kukuuzani komwe mbuzi inkadyera,
ku Mlanda kapena kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki.

Masiku ano zonse n'za mudzi umodzi.

Iyi ya Nanzunga ndaipha m'bandakucha.
Anabwera nayo dzulo, chingwe chili lende.
"Kudya ikudya, koma wosanenepa,
mimba yokha ngati ng'oma.
Tengani, fizi ya Kelita sikudikira."
Ndinawerenga nthiti ndi maso,
n'kumupatsa theka la zomwe anatchula.
Sanatsutse.
Anamanga ndalama kunsonga ya chitenje, ulendo.

Ndiye ndatumbula.
Mpeni wakana ngati khasu lagunda muzu.
Ndapisa dzanja mpaka m'chigongono,
ndakoka, ndakokanso,
ngati mayi wosolola nsalu pa belo la kaunjika:
jumbo yakuda, jumbo yoyera,
chingwe cha thumba la feteleza,
kapepala ka bisiketi ka zilembo za Chipwitikizi,
chidutswa cha neti ya udzudzu,
mphira wa thewera la mwana wa eni,
zonse zitapotana kukhala mpira umodzi
woti anyamata n'kuchinyira zigoli pabwalo.
Ndauika pasikelo mwachidwi chabe.
Makilo awiri ndi kanthu.

Nanzunga, mbuzi yako inkafa ndi njala
mimba ili tho.

Ndinafuna kutukwana,
ndipo oti n'kuwatukwana sasowa:
mabasi amene amasanza pazenera
zitsononkho, mabotolo, timapepala ta mazira;
a khonsolo odula tikiti m'mawa uliwonse
nkhuti itasefukira kuyambira dzinja latha;
mphepo ya m'phiri iyi yosadziwa malire
yomwe imasesa msika n'kukaunjika m'minda.

Koma pakati pa mpirawo panali ya buluu,
yopyapyala, ya mfundo ziwiri,
yachiwiriyo yokhotera kumanzere.
Pamsika uno palibe wina amamanga chotero.
Wamanzere ndine.
Mchere wanga, mafuta a chiwaya changa,
ndi amene anaiitana mbuziyo padzala.

Ndinakhala pachitsa, manja ali chipwidza chokhachokha.
Majumbo angati patsiku? Zana?
Kuchulukitsa ndi zaka zonsezi?
Sukulu ndinalekezera folo,
komabe yankho lake ndinalimva kulemera pakhosi.

Mpirawo sindinautaye.
Ndaupachika pa msomali, pambali pa mwendo wa thako,
ntchentche ziufunse mafunso.
Kwa mayi a kabichi ndapempha masamba akunja aja,
amene amasadzula n'kuponya m'ngalande.
Andiyang'ana ngati ndalawirira kachasu.

Dzuwa latulukira. Basi yoyamba yaima, ikupuma utsi.
Bambo wa jekete watulutsa mutu pazenera:
"Aise, zam'kati za wanu sauzande, changu!"
Dzanja langa lathamangira lokha ku paketi ya majumbo,
likudziwa njira ngati ng'ombe ya pangolo.
Ndalibweza.
Ndakulunga chiwindi ndi nthumbwana m'tsamba,
tsabola pamwamba, kamtengo kobayira.

Walandira, walitembenuza, wakwinya nkhope.
"Tsamba? Ndine mbuzi ine?"

Basi yanyamuka ndisanayankhe.
Patsogolo pang'ono, pa mahampu paja,
ndaona chinthu chobiriwira chikuuluka pazenera,
chagwera m'mbali mwa tala.
Kamwana ka mbuzi kaya ka yani
kadumpha ngalande, kakanunkhiza,
kayamba kutafuna.

Ine ndatsala ndi paketi ndi theka ya majumbo
yomwe ndinagula ndi ndalama zanga,
ndi ngongole kwa Nanzunga
imene sindikudziwa kuti ndikaitchule dzina lanji.