Usiku wa Khumi ndi Chiwiri

Bukuli ndi la fotokope, ndinaligula ku Chichiri.
Tsamba lina makina analimeza theka, kwangotsala mdima.
Analilemba munthu amene anafa zaka mazana anayi zapitazo
kudziko kumene sindidzapondako,
ndipo akundiuza kuti ndileke kufunsira nzeru kwa akufa anzake,
ndiyang'ane ndekha, ndiwerenge ndi zala zangazi.

Ndiye ndinayambira pa mpopi.
Kuno ku Mbayani madzi amabwera usiku, monyang'ama.
Ndinajambula mizere kuseri kwa kope la kemisitire:
tsiku, ola, kaya magetsi analipo,
kaya kunagwa mvula,
kaya galu wa a Namathanga anauwa.
Lolemba, 3 koloko. Lachiwiri, 3 koloko itangopitirira.
Masiku khumi ndi limodzi motsatizana
ndowa zinadzadza kusanache.
Ndinalemba ndi bolopeni yofiira: LAMULO.
Ndinauza Sigele, gona mng'ono wanga, ine ndatulukira.

Usiku wa khumi ndi chiwiri
mpopi unatsokomola kawiri, nulavula mpweya,
kenako zii.
Sigele anapita kusukulu atangosukusula ndi madzi a m'kapu,
osandipatsa ndi moni womwe.

Mkulu wa m'bukuyo sakanadabwa.
Ndikamumva bwino, mtima wa munthu
ndi kondakitala wa minibasi ya ku Limbe:
amawerenga okhawo amene akwera,
otsala pa siteji alibe nawo ntchito.
A Namathanga amati Soche akavala mtambo, anulani zovala.
Ndawerenga: wavala kasanu ndi kawiri,
mvula yagwa katatu.
Kanayi kenako palibe amakakumbuka,
ndipo nditawaonetsa anati sukulu yandipanga mwano.

Pali mzere wina umene sindinaujambule.
Abambo ankabwera kuchokera ku Joni Disembala aliyense,
kutsikira pa Wenela ndi chikwama cha mizeremizere,
mafuta ophikira, nsapato zokula ndi saizi imodzi.
Zaka zisanu ndi zinayi.
Chaka chakhumi tinaima pamenepo
mpaka ogulitsa mazira owiritsa anapakira.
Chino n'chachinayi chiyambireni kudikira,
koma Novembala akamatha
amayi amachapabe bulangeti lawo lija,
kuliyanika pawaya, kulipinda bwinobwino.
Sindinawauzepo zimene bukuli likunena.

Mayeso ndi Lachisanu.
Adzafunsa ngati zimene zachitika kambirimbiri
zili ndi ngongole iliyonse kwa mawa.
Yankho ndikulidziwa, nditha kudzadza masamba atatu:
osathamangira, funafuna tsiku limene zinakanika,
limenelo ndiye mphunzitsi.

Kandulo watsala ngati chala chaching'ono.
Sigele akupuma pang'onopang'ono, nkhope ili kukhoma.
Mpopi ndausiya chotsegula,
ndowa ili pansi pake.
Nthawi ndi 2 koloko ndi theka,
ndipo khutu langa, limene silinawerengepo buku lililonse,
lili panja.