Nazale ya M'mutu

Ndinkati mutu wa munthu wamkulu ndi chigafa chotseka:
zomwe unapachika uli mnyamata ndi zomwezo,
zimangouma, kuthothoka tsamba limodzilimodzi.
Komabe ndinalembetsa sukulu ya kwacha pa Santhe,
imvi zili mbuu,
chifukwa chala changa chinatopa ndi inki ya kubanki.

Esinta, mwana wa mlongo wanga, namwino ku boma,
anandipeza ndikulimbana ndi chilembo cha g
chomwe mchira wake umandithawa.
"Atsibweni," akutero, "mkati mwa ubongo, chakuseri kwa khutu,
muli kabedi konga ka nazale.
Mbewu zake zili mtulo. Zina chigonere kuyambira tsiku munabadwa."

Nanga amazidzutsa ndani?

Timadzi, akuti, tosaoneka ndi maso,
timene selo imatumizira inzake, khomo ndi khomo.
Kena kamanong'ona: gona, chilimwe chikadalipo.
Kena kamagogoda: dzuka, gawikana pawiri.
Kena kamangoima pamphambano
kulozera mphukira kotambasulira muzu.
Mukayenda mtunda thukuta n'kutuluka,
magazi amafika ndi uthenga wabwino.
Koma nkhawa ya ngongole ya feteleza,
kugubuduka pamphasa mpaka tambala woyamba,
zimatuma mthenga wina, wokhoma zitseko.

Ndinaseka. Nazale ndikuidziwa ine,
zaka zonsezi ndikuthirira fodya kudambo ndi keni yodontha.
Mbande zimamera zikwizikwi,
zofika powokeredwa n'zowerengeka.
"N'chimodzimodzi," akuti.
"Yosapeza inzake yogwirana nayo dzanja
imafota masabata asanathe."
Kenaka, akupukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje,
anaulula kuti zambiri anaziona pa mbewa,
kuti za ife anthu, ophunzirawo akadakangana.

Mbewa!
Zomwe ndinkafukula ndi utsi m'munda wa mtedza,
kani zinali ndi sukulu m'mutu.

Akangane.
Ine njinga ndaitsamiritsa kuseri kwa nkhokwe.
Ndimapita wapansi mpaka kutchalitchi komwe timaphunzirira,
kope m'thumba la shuga,
pensulo kukhutu ngati kalipentala.

Lachinayi lapitali ndinalemba dzina langa lonse,
Fulugensiyo,
g atakhazikika, mchira wake pansi pa mzere.
Sindinamve chilichonse chikuphuka.
Nazale siimveka, ngakhale utagunditsa khutu padothi.

Madzulo ndinazimitsa wailesi nkhani zisanathe,
ndinagona msanga,
kuti amithengawo adutse bwino mumdima.