Chikwangwani cha pa Randburg

Folo koloko ndimadzuka ku Cosmo City,
chisanu cha Juni chikuluma makutu ngati mwini ngongole,
ndikwere takisi mpaka ku Randburg
kukaima pachipata cha sitolo ya simenti ndi misomali
pamodzi ndi amuna makumi atatu,
aliyense atakumbatira mbiri yake pachifuwa.

Yanga ndidailemba pa katoni ya mafuta ophikira:
penta, pulambala, kalipentala,
wokonza magetsi, wotchetcha kapinga, womanga.
Malo atatsala m'munsi
ndidawonjezera kuti: ndi zina zotero.
Ndinkati ukonde waukulu subwerera wopanda kanthu.

Magalimoto ankachepetsa liwiro,
galasi kutsika theka,
maso kuwerenga,
galasi kukwera.

Tsiku lina mayi wa ku Linden adandikhulupirira,
adanditenga ngati pulambala.
Pofika masana khitchini yake inali dambo,
mphaka ali pamwamba pa firiji,
ine nditafumbata paipi ndi manja awiri
ngati wogwira nkhuku imene mpeni waiphonya.
Sadandilipire. Sadanditukwanenso.
Adangofunsa, mapazi ali m'madzi:
kodi iwe kwenikweni umadziwa chiyani?

Usiku womwewo foni idalira,
mlongo wanga Tiyesenji ku Ntcheu:
achimwene, galimoto yofiira ya pachithunzi chanu ija
mubwera nayo pa Khirisimasi?
Galimoto ya eni.
Ndidangoitsamira ku Sandton
mlonda atayang'ana kumbali.

Bambo Fulujensiyo a ku Tete amaima kumanzere kwanga.
Chikwangwani chawo chili ndi liwu limodzi: denga.
Naini koloko siwapeza pachipata.
Adawerenga katoni yanga mpaka m'munsi,
adatsokomola, nati:
mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe,
iwe uli nawo asanu ndi limodzi.

Ndidafunsa mutu, mutu udazemba.
Adayankha ndi mawondo.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndidagwada ku Lilongwe
kuyala matailosi m'nyumba za mabwana a ku Area 43,
chingwe m'mano, levulo m'dzanja,
mzere woongoka moti nyerere ikauyenda siikhota.
Chimenechi chokha ndicho sindidachilembe pa katoni.
Ndinkachita nacho manyazi,
ntchito yogwada,
ngati kuti ku Joni munthu amabwera kudzaimirira basi.

Lamulungu ndidatola thabwa kuseri kwa shopu ya Msomali,
ndidamatapo matailosi anayi otsala pa ntchito ya wina,
awiri oyera, awiri obiriwira,
mpata pakati pake wolingana ndi kamtengo ka machesi.
Pamwamba ndidalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja:
Dziwani Kamthunzi. Matailosi. Basi.

Chikwangwanichi n'cholemera.
Anzanga adaseka, adati ndanyamula bafa.
Sabata yoyamba idapita ndi mkono wanga wamanzere,
osabweza kalikonse.

Tsiku lachisanu ndi chinayi
bambo wina wa ku Mayfair adatsika m'bakki yake,
sadandiyang'ane nkhope,
adayendetsa chikhadabo mumzere uja
kuchokera pamwamba mpaka pansi,
kenaka chopingasa.
Adafunsa mtengo.
Ndidautchula, mawu akunjenjemera,
koma sindidautsitse, ngakhale maso sindidatsitse.

Pachipata ndimaimabe masiku ena,
sindinama, chisanu sichidziwa dzina la munthu.
Koma foni ikalira tsopano
ena amayamba ndi kuti: ndinu a Kamthunzi?
Akuti andimvera kwa uje, amene adandimvera kwa uje.

Chithunzi chija ndidachichotsa.
Ndidaikapo pansi pa bafa ya ku Blairgowrie,
nsonga za nsapato zanga zong'ambika zikuonekera m'mphepete.
Tiyesenji adalemba: nanga galimoto?
Ndidati: inali ya eni.

Masiku awiri, zii.

Lachitatu lake adalemba:
simenti ya m'tchalitchi mwathu yang'aluka paguwa,
ndawauza akuluampingo kuti achimwene anga ndiwo amadziwa.
Mubwere ndi levulo yanu.